Mmene mungajambulire mbiri ya thangata kwa agogo anu pa foni

Ine ndakulira kuno ku Thyolo, tiyi kumanzere tiyi kumanja, koma mpaka ndinamaliza fomu 4 osadzifunsako kuti bwanji kamunda kathu ka chimanga kali pachitunda pokokoloka pomwe malo onse abwinoabwino ali ndi tiyi. Kusukulu tinangoloweza kuti Chilembwe 1915, ufulu 1964, tinalemba mayeso basi zinathera pompo. Amene ananditsegula m'maso ndi agogo anga aakazi, tsiku lina tikusenda chinangwa pakhonde anangotchula mongodutsa kuti bambo awo anawasasulira nyumba chifukwa cha thangata, kenako n'kupitiriza nkhani ya mbuzi ngati sananene kanthu. Kuyambira pamenepo ndakhala pansi ndi achikulire angapo, ena kuno ena ku Mulanje, ndikujambula mawu awo pa foni, ndipo ndalakwitsa zambiri moti ndaona kuti bola ndikuuzeni mmene zimayendera musadzabwereze zanga.

Yambani ndi masamu pang'ono. Munthu wobadwa 1940 anali ndi zaka 13 pamene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimayamba mu 1953, anali ndi 19 pa zipolowe za 1959, ndiye kuti zimenezi anaziona ndi maso ake. Panopa wadutsa 80. Anthu amenewa atsala ochepa ndipo chaka chilichonse tikukawasiya kumanda, nde osamati ndidzapita pa Khisimisi. Za Chilembwe palibenso amene anaona, zimenezo muzimva ngati zomwe iwowo anamva kwa makolo awo, komabe muzijambule ndithu.

Cholakwika choyamba chomwe ndinachita n'chakuti ndinathamangira kwa amfumu ndi kwa aphunzitsi opuma, poganiza kuti ndi amene amadziwa mbiri. Amadziwadi, koma nthawi zambiri amakuuza zomwe zili m'buku la Standade 8. Nkhani zenizeni zili ndi agogo aakazi amene ankatchola tiyi mwana ali kumbuyo, madala amene anali akhukhi kapena alonda kunyumba kwa bwana, amene anapita ku Halale wapansi kapena ku Joni pa Wenela. Ngakhale amene anali kapitawo, ngati alipo, ameneyo musamusiye.

Musanapite, dziwaniko mutu ndi mchira wa nkhaniyi kuti agogo akamalankhula muzidziwa pamene ali. Dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, ndipo zaka zoyambirira zomwezo Harry Johnston anapereka mapepala a umwini wa malo kwa azungu ndi makampani, malo aakulu zedi a kumapiri kuno amene ankati anagula kwa mafumu, ena ndi nsalu ndi mikanda. Tiyi wa malonda anayambira ku Lauderdale ku Mulanje m'zaka zomwezo, kuno ku Thyolo anabwera pambuyo pake. Ndiye tangoganizani, mudzi uli pomwe unali kalekale koma tsopano akuti uli pamalo a munthu wina, ndipo kuti ukhalebe pamenepo uyenera kulipira lendi, lendi yake osati ndalama koma thukuta, kukagwira ntchito kwa mwini esiteti. Pamwamba pake panalinso msonkho wa nyumba wa boma. Mawu oti thangata poyamba anali abwinobwino, kuthandizana kumunda ngati mmene timachitira dima, koma anawatembenuza mpaka anasanduka mawu owawa. Alomwe ambiri amene ankathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique anafikira m'maesiteti momwemo, analibe kwina kopita ndiye thangata inawagwira kwambiri. Lamulo la 1928 linkalola mwini malo kuthamangitsa ena mwa anthu okhala pamalo ake, ndipo mkamwini samangobwera kudzamanga pakhomo pa mkazi wake ngati mmene mwambo wathu ulili, pankafunika chilolezo. Apa ndi pamene agogo aakazi amalankhula kwambiri, chifukwa lamulo limeneli linalowa mpaka m'banja. Thangata inathetsedwa mwalamulo mu 1962, ufulu utatsala pang'ono.

Zina zoti mukhale nazo m'mutu ndi izi. John Chilembwe anayambitsa mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe ku Chiradzulu mu 1900, anaukira pa 23 Januwale 1915, ku Magomero anthu ake anapha William Jervis Livingstone amene ankayang'anira esiteti ya Bruce, ndipo Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale cha ku Mulanje kufupi ndi malire. Nyasaland African Congress inayamba 1944. Mu Ogasiti 1953 kunabuka zipolowe zomwe zinayambira kuno ku Thyolo konkuno pa nkhani ya malalanje pa esiteti ina, zinafalikira maboma oyandikana nawo, anthu 11 anafa. Kamuzu anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, ndipo pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pangozi, anthu oposa 1,000 anamangidwa, ena ku Kanjedza ku Limbe, Kamuzu anamutengera ku Gweru, anthu oposa 50 anaphedwa. Lembani madeti amenewa pa kapepala muike m'thumba, koma musakawerengere agogo ayi, ndi anu inuyo.

Popita musapite manjamanja. Paketi ya shuga, sopo, mchere, kaya kachitenje, zimakwana. Ndalama ine sindilimbikitsa chifukwa zikangomveka m'mudzi kuti kwabwera wogula nkhani, mawa mupeza anthu asanu pakhomo aliyense akuti anamuona Chilembwe. Ngati si agogo anu enieni pitani ndi mdzukulu wawo kapena munthu wa kutchalitchi kwawo, ndipo ngati ndi mudzi wa eni dutsirani kaye kwa amfumu muwauze chomwe mwabwerera. Nthawi yabwino ndi masana akaweruka kumunda atadya, osati tsiku la msika, osati m'mudzi muli maliro. Mukafika khalani pansi kapena pa mpando wotsika, osati iwo ali pamphasa inu muli pamwamba mwapinda miyendo ngati a DC. Perekani moni mokwanira, funsani za miyendo, za mvula, za nandolo, foni isatuluke msanga. Ulendo woyamba mwina simujambula chilichonse ndipo palibe vuto.

Ikafika nthawi yake pemphani momveka bwino: agogo, ndimafuna mawu anuwa ndiwasunge kuti adzukulu adzamve, mundilola? Akakana musaumirize, ndipo chonde musajambule mobisa. Kumbukirani kuti anthuwa anakhala zaka 30 m'nthawi ya chipani chimodzi pamene mawu amodzi olakwika ankatha kumusowetsa munthu, ndiye ena akangoona foni amayamba kuyamikira boma lililonse lomwe linakhalako kuyambira la atsamunda mpaka la lero kkk. Madala ena ku Mulanje anandifunsa katatu konse ngati sindinatumidwe, anayamba kumasuka titadya limodzi nsima ya kalongonda.

Za foniyo. Ichajeni idzaze, ngati muli ndi pawabanki tengani, fufutani mavidiyo a ukwati aja kuti mupeze malo. Ine tsiku lomwe agogo anga analankhula bwino kuposa masiku onse, nkhani ya usiku umene anathawira kunkhalango mu 1953, foni inadzaza pa mphindi 11 ine osadziwa, ndinazindikira ndili pa kabaza kubwerera, ndinatsala pang'ono kulira. Titabwereza sabata yotsatira anangofotokoza mwachidule ngati akupereka lipoti. Ndiye muziyang'anako pa sikilini mwakabisira. Ikani pa flight mode kuti wina asaimbe pakati pa nkhani. Jambulani mawu okha osati vidiyo, kamera imawaumitsa thupi komanso imadya malo, chithunzi mudzajambula pomaliza. Foniyo muiike pa nsalu yopinda pafupi nawo, osaigwira m'manja chifukwa kukhwekhwereza kwa zala kumamveka kuposa mawu. Thawani chigayo, wailesi ya aneba, ndi nyumba ya malata kukamagwa mvula, ndipo kuno mukudziwa chiperoni chikayamba sichifunsa. Nkhuku zokha palibe chomwe mungachite. Poyamba penipeni nenani nokha deti, mudzi, T/A, ndi amene mukucheza nawo.

Tsopano mafunso, apa ndi pamene pagona nkhani. Musafunse kuti agogo tandiuzeni za tsankho la atsamunda kapena za ufulu wachibadwidwe, amenewo ndi mawu a pa wailesi, akuyankhani kuti eee kunali mavuto mwana wanga, basi nkhani yatha. Funsani tinthu ting'onoting'ono. Munabadwira mudzi uti, ulipobe pomwepo? Ngati unasamuka anausamutsa ndani, manda akale ali pati? Funso la manda limeneli ndi lamphamvu, chifukwa mukamayenda m'minda ya tiyi mumaona timitengo tachilengedwe tatsala pakati ngati kachilumba, ndipo achikulire ena amakulozerani kuti apo pagona anthu athu. Funsani kuti belu kapena lipenga la kuntchito linkalira nthawi yanji, tikiti ya masiku a ntchito ankachonga ndani, tsiku likakanidwa kuchongedwa munkatani, phoso ankapereka chiyani. Mukakumana ndi bwana panjira munkatani? Dona munkamuyankhula? Musitolo ya azungu munkalowa kapena munkagulira pawindo? Pa sitima pa Luchenza munkakwera mbali iti? Gwiritsani mawu awo omwe, thangata, kapitawo, chikoti, mtengatenga, chitaganya, malimidwe, chifwamba. Mawu oti malimidwe okha amatha kukupatsani ola lathunthu, chifukwa alangizi a nthawi imeneyo ankakakamiza anthu kupanga mizere ndi migula mpaka kulipitsa ndi kumanga, ndipo anthu ambiri analowa Congress chifukwa cha mkwiyo wa kumunda osati zokamba za m'tauni. Chifwamba ndiye inali mphekesera yoti kuli anthu ogwira anzawo usiku kukapereka kwa azungu, musaseke akamafotokoza, mantha amenewo anali enieni ndipo anathandizira kuyatsa moto wa 1953.

Njira ina yomwe imandithandiza ndi ndalama za pepala. Tulutsani K500 kapena K2000 muwaonetse Chilembwe, K200 pali Rose Chibambo, K100 pali James Sangala, K50 pali Inkosi Gomani II amene anachotsedwa paufumu chifukwa chokana chitaganya, muwafunse kuti awa munawamvapo zotani. Agogo ena atangoona K200 anayamba nyimbo ya amayi a chipani yomwe ankaimba popita kumsonkhano, anaimba yonse mpaka kuimirira, zomwe sindikanazipeza ndi funso lililonse. Nyimbo zikabwera musadule, m'nyimbo za pamtondo ndi zotcholera tiyi ndi mmene anthu ankatukwaniramo bwana iye ali pompo osamva. Kapenanso tengani chipewa. Kale munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akaona mzungu, osavula unkatha kumenyedwa, ndipo ili linali limodzi mwa madandaulo omwe anthu anakanena ku komiti yofufuza za kuukira kwa Chilembwe. N'chifukwa chake chiboliboli chomwe Samson Kambalu anapanga, chimene chinaikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022, chikuonetsa Chilembwe atavala chipewa chake ataima ndi mmishonale John Chorley. Muwaonetse chithunzi chake pa foni muone nkhope yawo.

Mukafunsa, khalani chete. Izi n'zovuta kuposa mmene mukuganizira. Agogo akaima kulankhula n'kumayang'ana kuphiri musathamangire funso lina, werengani chamumtima mpaka 10, nthawi zambiri chomwe chimatuluka pambuyo pa chete ameneyo ndi chomwe munabwerera. Akasochera n'kuyamba za ukwati wawo asiyeni, mudzawabweza bwinobwino. Ndipo samalani ndi amalume aja amene amabwera kudzakhala pambali n'kumayankha m'malo mwa agogo, iwo anabadwa 1970 koma akudziwa zonse. Apatseni ulemu wawo, muwalonjeze kuti nawonso muwajambula tsiku lawo, kapena atumeni akagule Fanta ku gulosale.

Zaka musawavutitse nazo, ambiri sasunga manambala. Funsani kuti zinachitika njala ya 1949 isanagwe kapena itadutsa, Kamuzu atabwera kapena asanabwere, munali mutatha msinkhu, mwana woyamba anali atabadwa? Inuyo mukafika kunyumba mudzalumikiza ndi kapepala kanu kaja. Akasakaniza za 1953 ndi za 1959 musawakonze pamaso, zimachitika kwambiri chifukwa zonse anthu amangoti nthawi ya zipolowe. Ena adzakuuzani motsimikiza kuti Chilembwe sanafe anathawa, jambulani momwemo, manda ake sanaikidwe chizindikiro ndiye nkhani imeneyi inamera mizu, ndipo kukhulupirira kwawoko nakonso ndi mbiri.

Konzekerani kumva zomwe simumafuna. Ine ndinapita ndili ndi chithunzi choti azungu mbali iyi oipa, ife mbali iyi ozunzidwa, koma amene ankagwira chikoti tsiku ndi tsiku nthawi zambiri anali kapitawo wakuda, mwina wa mudzi womwewo, ndipo adzukulu ake mumapemphera nawo limodzi. Amene anasasula nyumba ija anali amesinjala ndi apolisi akuda. Madala ena adzakuuzani kuti bwana wakutiwakuti anali wabwino anawalipirira sukulu, ndipo ena adzati nthawi ya azungu zinthu zinali zotchipa bola kale. Musakangane nawo, musafufutenso. Mudzamva za kunyozana pakati pa Amang'anja ndi Alomwe, dzina lija lachipongwe lomwe ankawaitanira Alomwe, mpaka ena anasiya chilankhulo chawo chifukwa cha manyazi, za masitolo a amwenye amene anali m'matauni ang'onoang'ono mpaka boma la Kamuzu linawalamula kusamukira m'mizinda m'zaka za m'ma 1970, za ana amene azungu a m'maesiteti anabereka ndi amayi a m'midzi n'kuwasiya. Nkhani ngati zimenezi mayina a anthu muwasunge kwa inu nokha, musakawaike pagulu, mungayambanitse mabanja pa zinthu za zaka 70 zapitazo.

Ndipo nkhani ya malo idzafika yokha ku za lero, simungaithawe. Mbendera inasintha mu 1964 koma tiyi ali pomwe anali, anthu tachulukana, mabanja ambiri a kuno ndi ku Mulanje anasamukira ku Mangochi ndi ku Machinga pa pulogalamu ya Kudzigulira Malo ija. Asiyeni anene maganizo awo, koma inu musasandutse macheza kukhala msonkhano wa chipani, mukatero ulendo wina sadzakulandirani.

Mukasonkhanitsa mawu angapo ndi bwino kukaona zomwe zinalembedwa. Ku Zomba kuli National Archives komwe kuli malipoti a ma DC a nthawi imeneyo, ku Blantyre pa Mandala House pali laibulale ya Society of Malawi yomwe ili ndi mabuku ndi zithunzi zakale. Ingokumbukirani kuti mapepala amenewo analemba ndi omwe ankalamulira, m'Chingerezi chawo, munthu amene agogo anu amamutchula kuti ngwazi iwo analemba kuti wosokoneza. Ku PIM pitaniko ngakhale kamodzi, makamaka pa 15 Januwale. Ndipo ife a ku Thyolo tili ndi Malamulo pa Makwasa pompa, ambiri sadziwa kuti mmodzi mwa amishonale oyamba pamenepo mu 1902 anali munthu wakuda wa ku America, Thomas Branch, amene anabwera ndi Joseph Booth, Booth yemweyo amene anatenga Chilembwe kupita naye ku America mu 1897. Chilembwe anakaphunzira ku Lynchburg ku Virginia pa nthawi imene anthu akuda kumeneko ankasalidwa mwalamulo ndi kuphedwa ndi magulu a azungu popanda mlandu, ndipo atabwerera anthu akuda a mpingo wa Baptist a ku America ndi amene ankamuthandiza, Landon Cheek ndi Emma DeLany anabwera kudzagwira naye ntchito ku Mbombwe. Ndiye mwana wanu akamaphunzira za Rosa Parks ndi Martin Luther King muzimuuza kuti ulusi wake unafika mpaka kuno. Lamulo lawo lothetsa tsankho, Civil Rights Act, linasainidwa pa 2 Julayi 1964, ife tinalandira ufulu patangopita masiku anayi.

Kusunga ndiye kumene ambiri timagwera. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, mwana amafufuta. Tsiku lomwelo tumizani fayiloyo kwa m'bale wina pa WhatsApp, ikaninso pa memori khadi kapena fulashi, ngati muli ndi imelo dzitumizireni nokha bandulo ikapezeka. Isintheni dzina, lembani deti ndi mudzi, osasiya Recording 47 chifukwa pakatha chaka simudzadziwa kuti ndi iti. Kenako gulani kope la chikuto cholimba mulembe zomwe ananena mawu ndi mawu, mmene anayankhulira, osakonza kuti chikhale Chichewa cha m'kalasi. Akaponyamo Chilomwe lembani Chilomwecho, tanthauzo muike pambali mutafunsa wodziwa, mwezi wa Okutobala ku Chonde pa Mulhako mungapeze anthu ambiri okuthandizani. Ntchito yolembayi ndi yotopetsa, ola limodzi la mawu limandidyera madzulo atatu kapena anayi, ndiye muzilemba pang'onopang'ono nkhani ikadali yotentha m'mutu.

Pa Facebook musaike musanawafunse eni ake komanso ana awo, ndipo akalola dulani mbali zomwe zatchula anthu. Mukamaliza bwererani mukawamvetsere mawu awo. Agogo anga nditawaikira anamvetsera mwakachetechete mpaka pakati, kenako anati zimitsa kaye, pamenepo ndinalakwitsa, sanali bambo anga amene anamangidwa anali achimwene awo, yatsa ndinenenso bwino. Ndiye popita ulendo wachiwiriwo foni ikhalenso yodzaza moto, ndipo shuga musaiwale.